Ndewu imatha bwanji? Zomwe ndaona pophunzitsa ana masewera omenyana a mitundu ya anthu

Aphunzitsi anzanga, ngati mwapatsidwa ntchito yophunzitsa ana za masewera omenyana a m'mayiko osiyanasiyana, kaya ndi m'phunziro la masewera olimbitsa thupi, kaya la mbiri yakale, kaya ndi kalabu ya masana, simudzavutika kuitana ana. Amadzaza okha, ngakhale aja amene pa maphunziro ena amakhala kumbuyo n'kumawodzera. Chovuta ndi chimene abwerera. Ambiri anazionera m'mafilimu ndi m'timavidiyo ta pa foni, ndipo m'mutu mwawo muli theche louluka ndi chibakera chokomola munthu kamodzin'kamodzi. Mbali inayo kuli makolo, amene akangomva kuti mwana akuphunzira zomenyana kusukulu amaona ngati tikuwasulira chigawenga cha pakhomo. Ndakhala pakati pa magulu awiriwa kwa zaka ndithu, ndipo chimene chandigwira dzanja ndi funso limodzi.

Funsolo ndi ili: m'masewerawa, ndewu imatha bwanji, amaiimitsa ndani, nanga wogonja amamutani? Ndimalilemba pamwamba pa bolodi tsiku loyamba, ndipo salifufuta mpaka teremu itatha. Kuponya chibakera n'chimodzimodzi kulikonse, popeza munthu aliyense ali ndi manja awiri ndi miyendo iwiri. Pamene mitundu ya anthu imasiyana ndi pamalire pomwe inagwirizana kuti apa ndiye basi, mlekeni mnzanuyo. Mwana akafufuza malirewo amatulukira zimene anthu a kumeneko ankaopa, zimene ankalemekeza, ndi nzeru imene anapeza kuti achinyamata awo aziyesana mphamvu popanda kudzetsa maliro.

Ndimakonda kuyambira ku Mongolia, chifukwa palibe mwana amene amaganizako. Chaka chilichonse mu Julaye, pa chikondwerero cha Naadam mumzinda wa Ulaanbaatar, nthawi zambiri amuna 512 amalowa m'bwalo kukagwetsana m'masewera otchedwa bökh. Sawagawa potengera kulemera kwa thupi, choncho wochepa thupi akhoza kukumana ndi chimphona. Kumenya kulibe. Amene bondo, chigongono kapena msana wake wagunda pansi wagonja, ndipo watuluka mumpikisano. Ndimauza ana kuti awerengetse okha kuti pafunika ndime zingati kuti pa anthu 512 patsale mmodzi. Amagawa pakati, n'kugawanso, mpaka apeza 9. Kenako ndimawauza mayina aulemu amene amaperekedwa: wopambana ndime 5 ndi kabawi, wopambana 7 ndi njovu, wogwetsa onse ndi mkango.

Koma pamene ndimachedwa ndi pa zochitika akatha kugwetsana. Wogonja amamasula chingwe cha kamalaya kake n'kudutsa kunsi kwa mkono wa mnzake, ndipo wopambana amatambasula manja n'kuvina gule wa chiwombankhanga. Tsiku lina ndinauza ana kuti achite mbali imeneyi yokha, awiriawiri, popanda kugwetsana. Panali mnyamata wina wadzitho, amene anzake ankamulambalala pa nthawi yopuma. Iye anagwera kukhala wogonja, ndipo mnzake anali kamnyamata kakafupi kwambiri m'kalasimo. Anangoima njo, manja m'thumba.

"Aphunzitsi, ine kudutsa m'khwapa mwa ameneyu? Bola mundipatse chibalo."

Sindinamukakamize. Ndinatembenukira kalasi yonse n'kufunsa kuti munthu wamkulu, amene wakonzekera chaka chathunthu, wagwetsedwa pamaso pa anthu masauzande, amatha bwanji kuweramitsa mutu n'kudutsa pansi pa mkono wa amene wamugwetsa. Ena anati ndi mantha. Ena anati ndi lamulo, sangachitire mwina. Mtsikana wina amene sankayankhulayankhula anakweza dzanja n'kunena kuti, "Akudziwa kuti chaka chamawa abweranso. Akakana lero, mawa adzavomere ndani kugwetsana naye?" Kalasi inangoti zii. Mnyamata uja tsiku limenelo sanadutse. Anadzadutsa pa phunziro lotsatira, nkhope ili gwaa, maso ali pansi, ndipo panalibe woseka, chifukwa tinali titagwirizana kale kuti woseka wogonja amakhala pambali.

Tikachoka ku Mongolia timathamanga. Ana amakhala m'magulu, gulu lililonse ndi masewera ake, n'kumabwera kudzalemba yankho pa bolodi. Mu sumo ya ku Japan bwalo ndi ladothi, lozungulira, lotambalala mamita 4.55, ndipo wagonja ndi amene watulukira kunja kapena wakhudza pansi ndi chiwalo china osati mapazi. Nthawi zambiri zimatha m'masekondi ochepa, ndipo mwambo wake sulola wopambana kudziguguda pachifuwa. Onse awiri amawerama n'kutuluka. Mu dambe, nkhonya za Ahausa a kumpoto kwa Nigeria zomwe kale zinkadziwika ndi anthu a ntchito yopha ndi kugulitsa nyama, dzanja lamphamvu amalikulunga ndi nsalu ndi chingwe kuti likhale mkondo, linalo limatambasuka kutsogolo kukhala chishango, ndipo amene dzanja kapena bondo lake lagunda pansi ndiye kuti zake zada. Nkhonya za magolovesi zinakhazikika ndi malamulo a Queensberry amene anasindikizidwa ku England mu 1867: raundi ya mphindi 3, kupuma mphindi imodzi, wogwa kumuwerengera mpaka 10. Ngakhale Agiriki akale, amene mu 648 BC analowetsa pankration, ndewu yophatikiza nkhonya ndi kugwetsana, m'masewera a ku Olympia ndipo ankaloleza pafupifupi chilichonse kupatula kuluma ndi kukolowola maso, anasiyabe njira yoti munthu akweze chala kusonyeza kuti wagonja. Mayankho akachuluka pa bolodi, ana amaona okha kuti mtundu uliwonse unaika potulukira.

Pa njira zonsezi, imene ndimafuna kuti mwana aliyense apite nayo kwawo ndi kugogoda. Mu judo ndi mu jiu-jitsu ya ku Brazil, munthu akapanikizika amagogoda kawiri ndi chikhatho, pamphasa kapena pathupi la mnzake, ndipo mnzakeyo amasiya pompo, ngakhale atatsala pang'ono kupambana mooneka bwino. Ife timayeserera ndi kugwirana padzanja chabe. Wina agwira, wina agogoda, wogwira atsegula manja n'kubwerera m'mbuyo. Zimaoneka zazing'ono, koma yesani muone. Pali ana amene kusiya kumawavuta, amafinyabe kaye pang'ono kuti mnzawo amve. Palinso ena amene kugogoda kumawachititsa manyazi, amalolera misozi ilengeze m'maso. Onsewa ndimakhala nawo mpaka dzanja lizolowere, ndipo sitipita patsogolo zimenezi zisanatheke.

Apa m'pamene ndimawauza za Jigoro Kano, amene anayambitsa judo, chifukwa anali mphunzitsi ngati ife. Anabadwa mu 1860, anali wochepa thupi, ndipo anaphunzira jujutsu, luso lakale lomenyana la ku Japan, ali mnyamata. Mu 1882 anatsegula sukulu yake ya Kodokan m'kachisi wina ku Tokyo, ali ndi ophunzira owerengeka. Chimene anachita chinali kupatula njira zoopsa zedi kuti zisamagwiritsidwe ntchito polimbana, n'cholinga choti anthu azilimbana ndi mphamvu zawo zonse koma mawa n'kudzakumananso ali bwinobwino. Anatsogolera koleji yophunzitsa aphunzitsi ku Tokyo kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 1909 anakhala munthu woyamba wa ku Asia kulowa m'komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki. Mfundo zake zinali ziwiri: gwiritsa ntchito mphamvu mosawononga, ndipo iwe ndi mnzako mupindule nonse. Judo inafika pa Olimpiki mu 1964 iye atamwalira kale. Wophunzira judo aliyense amayamba ndi kugwa, osati kugwetsa, ndipo ndi chinthu chokhacho cha thupi chimene ndimaphunzitsa mozama.

Timayala matiresi kapena mphasa zochindikala. Mwana amanyonyomala, chibwano n'kuchigunditsa pachifuwa, maso pamchombo, kenako amagubuduka chagada msana utapindika, ndipo msana ukamafika pansi amamenya mphasa ndi mikono yonse iwiri, zikhatho zitayang'ana pansi, uku akutulutsa mpweya. Mutu sukhudza pansi. Chimene mukulimbana nacho apa ndi chibadwa: munthu akamagwa amaponya dzanja kumbuyo litawongoka kuti adzichirikize, ndipo umo ndi mmene mikono imathyokera. Masiku oyamba mumamva phokoso losokonekera, wina wamenya msanga, wina waiwala chibwano. Koma limafika tsiku loti ana onse agwa pamodzi ndipo m'chipindamo mumveka phaa kamodzi. Akadzuka amayang'anana n'kumwetulira. Tikatero timayamba kugwa cham'mbali, kenako choimirira. Mwa zonse zimene ndimaphunzitsa, ichi ndi chimene mwana adzachigwiritsadi ntchito, pa mpira, pa njinga, poterera paliponse, ngakhale atakalamba.

Capoeira ndimaipatsa nthawi yochuluka kuposa ena onse, ndipo sindichita nazo manyazi. Ku Brazil kunatengedwa akapolo ochokera mu Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse la ku America, ambiri a iwo ochokera kumadera a Angola ndi Congo. Pakati pa anthu amenewa ndi zidzukulu zawo m'pamene panakulira masewerawa, ndipo akatswiri ena a mbiri amaona kufanana kwake ndi engolo, masewera a mateche a anthu a kummwera kwa Angola, cha ku mtsinje wa Cunene. Ukapolo ku Brazil unathetsedwa mu 1888. Patangopita zaka ziwiri, mu 1890, lamulo latsopano linati wopezeka akuchita capoeira m'misewu ndi m'mabwalo akakhale kundende miyezi iwiri mpaka 6. Ndikafika apa ndimaima n'kufunsa ana kuti boma limene langomasula anthu likuletseranji masewera awo. Mayankho amene amatuluka ndi amene amandisangalatsa pa teremu yonse. Mwana wina anati, "Anawamasula maunyolo, koma ankawaopabe akasonkhana." Ine sindikanatha kunena bwino kuposa pamenepo.

Zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1932 Mestre Bimba anatsegula sukulu ya capoeira mumzinda wa Salvador, ndipo mu 1937 boma linaivomereza. Mestre Pastinha, mumzinda womwewo, anasunga kachitidwe kakale kotchedwa Capoeira Angola. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika bwalo la capoeira pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Masewera amene ankamangitsa munthu lero ndi amene Brazil imanyadira pamaso pa dziko lonse.

Ndipo capoeira imasokoneza funso lathu lija mokoma, chifukwa m'bwalo lake mulibe woyimbira wokweza dzanja la wopambana. Anthu amaima mozungulira, akuwomba m'manja ndi kuyimba mopolokozana. Wotsogolera amaimba berimbau, uta wautali wa waya umodzi wokhala ndi chikho kumunsi, ndipo liwiro la uta umenewo ndi limene limalamula awiri amene ali pakati kuti afulumire kapena adekhe. Woimbayo akhoza kuimitsa masewera, kapena munthu wina amalowa n'kutenga malo a mmodzi, wotulukayo n'kugwirana chanza ndi mnzake. Ife tilibe berimbau, timagwiritsa ntchito ng'oma ndi manja. Ana amaphunzira ginga, kapondedwe kamene mwendo umodzi umabwerera m'mbuyo uku mkono ukutchinga nkhope, kenako kusinthana, thupi osaima. Lamulo ndi loti theche lidutse pang'onopang'ono ndipo lisakhudze munthu; mnzako alione likubwera n'kuzinda. Chimene ndaona n'chakuti ana amene amaopa kugwirana, amene pa judo ankabisala kumbuyo kwa anzawo, apa amatulukira. Wina amakhala woyambitsa nyimbo, wina wang'oma, ndipo amazindikira msanga kuti wang'omayo ndi amene ali ndi mphamvu pa aja ali pakati.

Ana ambiri amabwera akukhulupirira kuti masewera omenyana aluso ndi a ku China ndi ku Japan basi, kuti anthu ena onse ankangomenyana chisawawa. Ndimawaonetsa zithunzi za m'manda a ku Beni Hasan ku Egypt, zojambulidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Pakhoma pali mizeremizere ya anthu awiriawiri akugwetsana, wina wopakidwa utoto woderapo, wina wowalirapo, kuti woona azitha kusiyanitsa mkono wa uyu ndi mwendo wa uyo. Ana amayandikira chithunzicho n'kumaloza: apa wamutchera ndale, apa wamunyamula m'chiuno. Ku Egypt komweko kudakali tahtib, masewera a ndodo amene UNESCO inawazindikira mu 2016. Ku South Africa anyamata oweta ziweto ankaphunzira kumenyana ndi ndodo ziwiri, ina yomenyera ina yotchingira, ndipo Nelson Mandela anakula akuchita zimenezi ku Qunu asanadzayambe kuphunzira nkhonya. Ku Senegal, laamb imadzaza masitediyamu, ogwetsana amalowa ndi ng'oma, oyimba ndi ndakatulo zodzitamandira, ndipo mu 2018 anawatsegulira bwalo lawolawo ku Pikine, pafupi ndi Dakar. Nditawauza za Yékini, amene anakhala zaka pafupifupi 15 osagonja mpaka Balla Gaye 2 anamugwetsa mu 2012, mwana wina anafuula ali kumbuyo kuti mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo.

Chida china chimene chimandithandiza ndi mapu a dziko lonse, mapini ndi ulusi. Masewerawa amayenda ndi anthu, ndipo ana akalondola ulusi amaleka kuganiza kuti dziko lililonse linangodzuka ndi masewera ake. Karate inakulira pa chilumba cha Okinawa, chimene chinali ufumu wa Ryukyu wochita malonda ndi China mpaka Japan inachilanda mu 1879. Anko Itosu anailowetsa m'sukulu za pachilumbapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Gichin Funakoshi, yemwenso anali mphunzitsi wa kusukulu, anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Ulusi wina umachoka ku Tokyo kupita ku Korea, kumene Japan inalamulira kuyambira 1910 mpaka 1945. Ambiri mwa amene anayambitsa sukulu zomwe zinadzabala taekwondo anali ataphunzira karate, dzina loti taekwondo linasankhidwa mu 1955, ndipo inakhala masewera a mendulo pa Olimpiki mu 2000 ku Sydney. Ulusi wautali kwambiri ndi wa Mitsuyo Maeda, wophunzira wa ku Kodokan amene anafika ku Brazil mu 1914 n'kukhazikika ku Belém. Kudzera m'banja la Gracie, zimene anaphunzitsa zinasanduka jiu-jitsu ya ku Brazil, ndipo mu 1993 ku Denver Royce Gracie, wochepa thupi poyerekeza ndi ena amene anakumana nawo, anapambana mpikisano woyamba wa UFC, wokumanitsa akatswiri a masewera omenyana osiyanasiyana, pogonjetsa anzake pansi. Palinso ulusi wochokera ku Ulaanbaatar kupita ku Tokyo: Hakuho, amene anatenga zikho 45 za sumo, kuposa wina aliyense, ndi wa ku Mongolia, mwana wa ngwazi ya pa Naadam.

Mapuwa amaphunzitsanso ana kufunsa umboni. Pafupifupi masewera aliwonse ali ndi nthano yonena kuti anayamba zaka masauzande zapitazo ndi munthu mmodzi wodabwitsa. Sindinyoza nthanozo, chifukwa zimasonyeza mmene anthu amadzionera. Koma ndimauza ana kuti agawe tsamba pawiri, uku alembe zimene anthu amanena, uko zimene zili ndi chaka ndi umboni. Chimodzimodzi za lamba wakuda, amene ana amamuona ngati chizindikiro choti munthu sangagonjetsedwe. Magiredi a malambawa anayambitsa ndi Kano yemweyo m'zaka za m'ma 1880, ndipo lamba wakuda woyamba amangosonyeza kuti munthu wadziwa maziko.

Pali zinthu zimene sindilola, ndipo ndikupemphani kuti inunso musalole ngakhale ana akuchonderereni bwanji. Kumenyana kumutu ayi, ngakhale ndi magolovesi, ngakhale mongoyerekeza. Kukanyangana pakhosi ndi kupotokolana mikono ayi. Ndodo timazionera pa kanema, sitizigwira. Ine sindine mphunzitsi wa nkhonya kapena wa muay thai ya ku Thailand, ndipo kuonera vidiyo usiku sikungandisandutse katswiri mmawa. Ngati mwana wagunda mutu, kaya pa phunziro lanu kaya pa mpira, dziwani kuti ubongo ukhoza kugwedezeka munthu osakomoka. Kupweteka kwa mutu, chizungulire, kusanza, kuiwala zimene zangochitika, kuyankha mochedwa, zonsezi ndi zizindikiro. Mwana ameneyo asabwererenso m'masewera tsiku limenelo, makolo adziwitsidwe, ndipo akaonedwe ndi dokotala.

Sindilolanso kutsanzira miyambo yopatulika. Ku Thailand womenya muay thai asanayambe amavala kumutu chingwe chopatulika chotchedwa mongkhon, amagwada n'kuwerama katatu, kenako amavina pang'onopang'ono kulemekeza mphunzitsi wake ndi makolo ake, ndipo ndi mphunzitsiyo amene amamuvula mongkhon uja. Ochita sumo amamwaza mchere kuyeretsa bwalo potsata chipembedzo cha Shinto. Ogwetsana a ku Senegal amabwera atavala zithumwa ndipo amadzithira madzi amankhwala ochokera kwa atsogoleri awo auzimu. Ana akaona zimenezi koyamba amaseka, makamaka akaona matupi a anthu a sumo. Ndimawasiya aseke pang'ono, kenako ndimafunsa kuti munthu amene akudziwa kuti mphindi zikubwerazi akhoza kuvulala amafuna chiyani asanalowe m'bwalo. Kuseka kumatha. Timaonera, timakambirana, koma sitisandutsa pemphero la munthu wina kukhala sewero. Mwina mungafunse za gule wa chiwombankhanga uja ndi bwalo la capoeira. Muyeso wanga ndi wakuti chimene eni ake amaphunzitsa alendo momasuka, kapena chimene chili ulemu wa pakati pa osewera awiri, timachita. Chimene chili pakati pa munthu ndi chimene amapembedza, timachisiya.

Musabise mbali zowawa. Ana a ku sekondale amadziwa mukamawakometsera nkhani. Ku Thailand ana ambiri ochokera m'mabanja osauka amayamba kumenya nkhonya zolipidwa adakali aang'ono, ndipo ndalamazo zimadyetsa pakhomo. Mu 2018 mnyamata wa zaka 13 anamwalira atavulala mu ubongo pa nkhonya zotere, ndipo dzikolo linatsutsana kwambiri za msinkhu woyenera. Nkhani imeneyi ndikaibweretsa, kalasi imagawikana. Ena amati ndi chikhalidwe chawo, tisawaweruze. Ena amati mwana ndi mwana kulikonse. Ndimawasiya atsutsane, koma akandifunsa maganizo anga sindizemba: chikhalidwe chimene chili ndi ulemu wonse uja chikhozanso kuteteza mutu wa mwana, ndipo umphawi wa makolo si chifukwa choti mwana azilandira zigongono kumaso.

Nkhani ya atsikana nayo imafuna kulimba mtima. Judo ya amayi inayamba kupereka mendulo pa Olimpiki mu 1992 ku Barcelona, kugwetsana kwa amayi mu 2004 ku Athens, nkhonya za amayi mu 2012 ku London. Keiko Fukuda, mdzukulu wa munthu amene anayamba kuphunzitsa Kano jujutsu, anakhala zaka zambiri osakwezedwa giredi chifukwa choti anali mkazi, koma anaphunzitsabe judo ku San Francisco mpaka anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 99. Ndipo mu Epulo 2018 mumzinda wa Maizuru ku Japan, meya anagwa mwadzidzidzi akuyankhula m'bwalo la sumo. Amayi ena, mmodzi mwa iwo namwino, anathamangira m'bwalomo kukamuthandiza, koma woyimbira analengeza pa chimkuzamawu kuti akazi atuluke, popeza mwambo suwalola kuponda pamenepo. Mkulu wa bungwe la sumo anapepesa pambuyo pake. Atsikana a m'kalasi mwanga akamva zimenezi amapsa mtima, ndipo ndimawapatsa mpata wonse woti ayankhule. Pochita masewera ndimalola mwana aliyense kusankha woyeserera naye, sindikakamiza mtsikana kugwirana ndi mnyamata, koma pogawa ntchito yotsogolera gulu kapena yoyimbira sindiyang'ana kuti uyu ndi ndani.

Makolo musawadikire kuti abwere atakwiya, aitaneni msanga. Bambo wina anafika pakhomo la chipinda chathu ana ali mkati mwa phunziro.

"Aphunzitsi, mwana wanga ndinamutumiza kuno kudzaphunzira, osati kudzasuliridwa ndewu."

"Mwachita bwino kubwera, bambo. Khalani pampandopa muonere, tikatha tikambirane."

Anakhala mpaka belu linalira. Anaona ana akugwa chagada mobwerezabwereza, akugogoda ndi kusiyana, akukangana pa mapu za kumene ulusi wa karate uyenera kuyambira. Potuluka anandifunsa kuti nanga kumenyako ndimaphunzitsa tsiku liti. Ndinawayankha kuti tsikulo kulibe. Koma sindinawalonjeze kuti masewera omenyana amafatsitsa mwana aliyense, chifukwa si zoona. Mwana amatengera mphunzitsi wake. Akapeza wodekha amadekha, akapeza wankhanza amaphunzira nkhanza zaluso.

N'chifukwa chake mwana akandiuza kuti akufuna kupitiriza ku kalabu yeniyeni, kapena ndikafuna kuitana katswiri kudzaonetsa ana kusukulu, ndimayamba ndapita kukaonera mmene munthuyo amaphunzitsira, ndipo makolo ndimawalangiza chimodzimodzi. Malamba ndi zikho zapakhoma musazitengere kwenikweni. Onani ngati amalola makolo kukhala n'kuonera. Onani ngati amagwirizanitsa ana a misinkhu ndi matupi ofanana, ngati ongoyamba kumene amawaphunzitsa kugwa ndi kudziteteza asanawalowetse polimbana, ndiponso ngati ali ndi bokosi la chithandizo choyamba n'kudziwa kuligwiritsa ntchito. Funsani bungwe limene linamuvomereza. Wolonjeza lamba wakuda m'miyezi yochepa mutalikireni, chimodzimodzi wonyoza mwana wolira, kapena wouza mwana kuti asale chakudya ndi madzi kuti atsike pa sikelo. Ndipo mukaona mwana wagogoda koma mphunzitsi akuti pirira, ndiwe mwamuna, mutengeni mwanayo tsiku lomwelo.